Maso Ogona Pansi pa Khungwa

Thunthu la mtengo wa oki lili ndi maso. Sindikuponya mwambi, ndipo si nkhani ya ufiti ayi. Ndikunena maso ngati aja a pa nzimbe, amene timaona pa mfundo iliyonse, amene amaphuka mukakwilila nzimbeyo m'dothi. Kusiyana kwake n'kwakuti diso la nzimbe limadikila miyezi yocepa cabe, pamene la oki lingagone zaka 40, ngakhale kuposelapo, lili lamoyo, osaphuka koma osafanso. Mungayang'ane thunthu lowongoka ngati pholo la malaiti n'kuganiza kuti nthambi zake zonse zili kumwamba. Koma m'ming'alu ya khungwa muli tinthu ting'onoting'ono ngati mitu ya macisa, makumi kapena mazana, tikungoyembekeza tsiku limene dzuwa lidzatiwomba.

Oki si mtengo wa kwathu. Ambili a ife tinayamba kuumva kuchalichi, pansi pa dzina lina: Baibulo lakale la Cinyanja limauchula kuti thundu, ndipo ndi mtengo uja unakola mutu wa Abisalomu ali pa nyulu. Oki amene ndikukamba pano kwawo ndi ku Ulaya, m'nkhalango za France, Germany, Poland ndi England. Kuno kum'mwela kwa Africa mungamupeze m'misewu ya Stellenbosch, kumene azungu a ku Holland anamubyala wambili mpaka tauniyo inapatsidwa dzina lakuti Eikestad, mzinda wa oki. Ku Chawama kulibe, ku Kanyama kulibe. Ndiye mungafunse kuti mphunzitsi wa mu Lusaka, wokwela minibasi ngati wina aliyense, akuvutikilanji ndi mtengo wa eni.

Anandiyambitsa ndi mwana wa Giledi 12. Tinali pa mutu wa mmene zomela zimakulila, ndipo mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene sakamba-kamba, anaimika dzanja. Panjila imene amadzela pobwela kusukulu pali mitengo ya jakalanda imene inadulidwa mitu kuti isakhudze mawaya a malaiti. "Ba Ticha," iye anati, "manje zija nthambi zanyowani zacoka kuti? Pamene zamela panalibe nthambi, panali cabe khungwa." Ndinamuyankha zimene zili m'buku, mizele iwili, belu n'kulila. Koma funsolo linanditsatila kunyumba, ndipo kwa milungu ingapo mabando anga a intaneti anathela pa nkhalango za ku France, cifukwa kumeneko ndiko anthu akhala akuwelenga maso amenewa limodzi-limodzi, mtengo ndi mtengo, caka ndi caka.

Zimene zili m'buku amayi anu amazidziwa kale. Akathyola nsonga ya cibwabwa kapena ya kalembula, pakapita masiku mbali zonse zimatulutsa mphukila, ndiwo n'kuculuka. Alimi a fodya ku Chipata ndi ku Lundazi amadziwanso kuti ukathena fodya wadzipatsa nchito ina, cifukwa uyenela kubwelela m'munda kukacotsa tumphukila tumene tumabuka m'khwapa mwa tsamba lililonse. Cimene cimacitika n'cakuti nsonga imene ikukula imapanga mankhwala ochedwa auxin, amene amatsika ndi tsinde n'kumaletsa maso a m'munsi kuphuka. Mu 1933 Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, ku California, anadula nsonga za nyemba, maso a m'mbali n'kuphuka. Ataika auxin pabala paja, masowo anakhalabe m'tulo ngati kuti nsonga ikalipo. Kumizu nako kumacokela mankhwala ena, cytokinin, amene nchito yake ndi kudzutsa. Conco diso lililonse lili pakati pa mau awili, ocokela kumwamba akuti gona, ocokela pansi akuti uka.

Mayeso amathela pamenepo. Koma funso la mtsikana uja linali lakuti disolo lafika bwanji pa thunthu lalikulu, ndipo apa ndi pamene nkhani imakoma.

Kanthambi ka oki ka caka cimodzi kali ndi diso m'khwapa mwa tsamba lililonse. Caka cotsatila maso ena amaphuka n'kukhala nthambi, makamaka a kunsonga. Ambili amauma n'kugwa. Koma ena, aja ang'ono kwambili, sacita ciliconse mwa ziwilizi, amangokhala. Vuto lawo ndi lakuti kanthambi kaja kakunenepa. Caka ciliconse mtengo umaonjezela mkombelo umodzi wa thabwa pansi pa khungwa, ndipo diso likangoima malo amodzi lingakwililike, monga mmene khomo la nyumba yakale ya m'komboni limatsalila pansi msewu ukamathilidwa dothi caka ndi caka. Ndiye diso nalo limakula pang'ono, molingana ndendende ndi mkombelo wa caka cimeneco, milimita imodzi kapena awili, kuti likhalebe pamwamba. Kumbuyo kwake limasiya kamzele ngati ulusi, kocokela pamtima wa mtengo mpaka pakhungwa. Tulo take ndi ta conco, ta munthu amene amagona uku akuyenda.

Mzinda wa Nancy uli ndi sukulu ya za nkhalango kuyambila 1824, ndipo pafupi nawo, ku Champenoux, ofufuza anatenga zigogo za oki n'kuzilowetsa m'makina a CT, omwe aja acipatala amaunikila m'mutu mwa munthu wovulala. Zithunzi zake zimaoneka ngati masipoko a njinga. Ulusi wina umafika pakhungwa, kusonyeza kuti disolo likali moyo. Wina umathela pakati, ndipo mungawelenge mikombelo n'kudziwa caka cimene linafa. Wina umagawikana pawili, patatu, cifukwa diso limabeleka ana patsinde pake, anawo n'kubelekanso, mpaka pamakhala kagulu ka maso pamalo amodzi. Zaka zikapita kaguluko kamasanduka cotupa pathunthu. Ngakhale nthambi ikafa n'kugwa, maso a patsinde pake amatsala, kuzungulila cipsela.

Kuti mumvetse cifukwa cake anthu ophunzila amathela moyo wawo wonse pa tinthu ngati mitu ya macisa, muyenela kuona mmene oki amaleledwela. Nkhalango ya Tronçais ili pakati pa France, m'cigawo ca Allier, ndipo ndi ya mahekitala oposa 10,000. Mu 1669 Jean-Baptiste Colbert, nduna ya Mfumu Louis XIV, anatulutsa lamulo lalikulu losamalila nkhalango cifukwa mfumu inali kufuna matabwa a zombo za nkhondo, ndipo dzina lake likali kukumbukilidwa ku Tronçais. Oki wa kumeneko amadulidwa ali ndi zaka 200 kapena kuposa. Ndiye kuti amene akugwetsedwa lelo anamela Zwangendaba ndi Angoni ake asanaoloke Zambezi mu 1835. Mnyamata amene wayamba nchito m'nkhalangoyo caka cino adzakalamba, adzapuma, adzaikidwa m'manda, mitengo imene akusamalila ikali achinyamata.

Njele za oki zikagwa, mbande zimamela mothithikana ngati udzu, masauzande ambilimbili pa hekitala imodzi, ndipo amazisiya dala conco. Iliyonse imathamangila kumwamba kufuna kuwala. Nthambi za m'munsi zimatsala mumdima, zimafa zikali zoonda ngati cala, zimagwa, thabwa n'kutseka bala. Umu ndi mmene thunthu limakhalila lowongoka ndi loyela mamita ambili. Koma ikakhala yothithikana mpaka kale, mitengo imangotalika osanenepa, ili ndi kamutu ka masamba kakang'ono ngati ka tsache lakutha. Conco pafupifupi zaka 10 zilizonse anthu a nkhalango amabwela ndi penti, n'kuika cizindikilo pa mitengo yoti icoke kuti yotsala ipeze malo. Pomafika kumapeto, pa hekitala ija pamatsala mitengo yosakwana 100. Ndi kupatulila komwe kuja timacita pa cimanga cikamela cambili paphando limodzi, kungoti kwa ife ndi nchito ya m'mawa umodzi, kwa iwo ndi ya mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwili.

Njakata yake ili apa. Mukacotsa mitengo yambili nthawi imodzi, dzuwa limawomba khungwa limene lakhala mumthunzi zaka 60, limalifunditsa, ndipo maso aja amauka. M'nyengo imodzi kapena ziwili thunthu limavala masamba kucokela pansi mpaka pamwamba. Mukati ndiope zimenezo n'kucedwa kupatulila, mutu wa mtengo umafinyidwa ndi anzake, umacepa, auxin amacepa, cakudya cimacepa, ndipo mtengo poona kuti ukufa ndi njala umadzutsa maso ngakhale mumthunzi momwemo, kufunafuna kuwala kulikonse kumene kungapezeke. Coipa kopambana ndi kuphatikiza zonse ziwili: kucedwa, ndiyeno kudula kwambili mwadzidzidzi. Mtengo wa kamutu kakang'ono ukangopezeka uli wokha padzuwa umadzikuta ndi mphukila thupi lonse, madzi n'kumathela m'munsi, ndipo nthawi zina nsonga yake imauma, mutu wonse n'kutsikila pakati pa thunthu. Mtengo wa mutu waukulu, umene unali kale pamwamba pa anzake, nthawi zambili umangotambasula nthambi zake n'kupitiliza.

Maina amene anthu anapatsa mphukilazi amaulula maganizo awo. Afalansa amati gourmands, kutanthauza osusuka, adyela, amene amadya za eni. Ajelemani amati Wasserreiser, mphukila za madzi. Koma alinso ndi dzina lina la zija zimabuka pa mtengo wopanikizika: Angstreiser, mphukila za mantha. Nditaliwelenga dzina limeneli ndinaika foni pansi kwa kanthawi.

Si mphukila iliyonse imene imakhalitsa. Mitu ya mitengo yotsala ikakumananso msanga n'kutseka mpata, mthunzi umabwelela, mphukila zimafa pakapita zaka zocepa, n'kusiya kadontho m'thabwa. Koma kuwala kukapitiliza, mphukila imanenepa n'kukhala nthambi yeniyeni, ndipo m'kati mwa thabwa mumatsala mfundo. Funsani akalipentala a ku Kalingalinga, aja amaika mabedi ndi zitseko m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kapena pitani ku Buseko mukaone mmene munthu amatembenuzila thabwa la paini asanalipile. Mfundo imaumitsa pulena, imang'ambika, nthawi zina imagwa n'kusiya ciboo.

Pa oki nkhani ya mfundo ndi ya ndalama zambili. Tsiku lina pamalo ena ogulitsa maluwa kuno ku Lusaka ndinaona mgolo wa matabwa wodulidwa pakati, wocokela ku South Africa, akuugulitsa kuti munthu abyalemo maluwa. M'kati munali mofiila, ndipo fungo la vinyo linali likalimo. Ndinayendetsa cala pa thabwa lililonse, ndipo panalibe mfundo ngakhale imodzi. Migolo yotelo, ya malita 225 ngati ya ku Bordeaux, imapangidwa ndi oki. Matabwa a oki wa ku France oti apange mgolo saceka ndi sowo, amawang'amba motsata mitsempha ya mtengo kuti vinyo asadonthe, ndipo pa zigawo zisanu za cigogo, cimodzi cabe ndico cimasanduka matabwa a mgolo. Pamene pali mfundo, pamenepo ndi potayila. N'cimodzimodzi kwa amene amasenda cigogo kukhala timapepala ta thabwa tomatila pamwamba pa matebulo odula. Cigawo ca m'munsi ca thunthu ndico cimanyamula mbali yaikulu ya mtengo wake wogulitsila, ndipo cikadzala mfundo cimatsika kucoka pa gulu la migolo kupita pa gulu la mitanda wamba. Tangoganizani, cisankho ca munthu mmodzi, wa penti m'manja, m'mawa umodzi wa mu 1950, cingawononge nchito imene inayamba agogo ake asanabadwe, ndipo amene adzaona kuwonongekako ndi mdzukulu wake. Chalichi ca Notre-Dame ku Paris citapsa pa 15 April 2019, anthu anayenda m'nkhalango za dziko lonse la France kufuna mitengo ya oki yoposa 1,000, yaitali ndi yowongoka, yomangila denga ndi nsanja. Anaipeza cifukwa ca anthu amene anapatulila bwino kalekale, amene maina awo palibe amawachula.

Cimene ofufuza aja anapeza atawelenga maso pa mitengo imodzimodzi kwa zaka zingapo n'cakuti kupatulila sikulenga maso kucokela pacabe. Kumadzutsa amene analipo kale. Mitengo iwili ingaime moyandikana, yamsinkhu umodzi, dzuwa n'kuiwomba mofanana, wina n'kuphuka thupi lonse, wina n'kutulutsa tuwili tutatu cabe. Mukabwelela ku zimene zinalembedwa poyamba, mupeza kuti wophuka kwambiliyo ndi umene unali ndi maso ambili kuyambila ukali waung'ono. Akuluakulu anati m'mela mpoyamba. Mtundu nawo uli ndi mbali yake: mwa mitundu iwili ikuluikulu ya oki wa ku Ulaya, Quercus robur amadziwika kuti amaphuka msanga kuposa Quercus petraea, amene ndiye wambili ku Tronçais. N'cifukwa cake munthu wa nkhalango posankha mitengo yoti idzafike kumapeto sayang'ana kumwamba kokha. Amayandikila, n'kuyang'anitsitsa khungwa.

Palinso njila ina, imene inandigwila mtima kuposa zonse. Pansi pa oki amalola mitengo ina kukula, monga hornbeam ndi beech, imene imapilila mthunzi. Nchito yake ndi imodzi: kuima mozungulila thunthu la oki n'kulichinga ku dzuwa, kuti akapatulila pamwamba, khungwa likhalebe mumdima, maso n'kupitiliza tulo. Ajelemani amaichula kuti mitengo yotumikila. Saloledwa kupitilila oki. Ikayamba kulowa m'mutu mwake, imadulidwa.

Ine ndinakulila ku Matero m'zaka za m'ma 1990. Amene muli ndi zaka 18 lelo munabadwa ma ARV ali kale aulele m'zipatala za boma, conco mwina mumangomva. Kafukufuku wa boma wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pafupifupi anthu 16 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi HIV. Kenneth Kaunda anali atauza kale dziko mu 1987 kuti mwana wake anafa ndi AIDS, koma mumsewu mwathu dzinalo silinali kuchulidwa. Tinali kungoti akudwala, kapena kaliondeonde. Magalimoto opita ku Chingwere anali kudutsa tsiku lililonse. Mumsewu mwathu munali nyumba khumi ndi ziwili, ndipo pamene ndinali kumaliza pulaimale, zambili zinali kuyendetsedwa ndi agogo kapena ndi mwana woyamba. Atate anapita ndili ndi zaka 9. Amayi anatsatila patapita zaka zitatu.

Akulu anga anali ndi zaka 17 pa malilo a atate. Anali atapambana bwino Giledi 9, ndipo anali munthu wa cinthu cimodzi: masamu ndi mawailesi. Anali kumasula wailesi yakufa n'kuiukitsa. Pa caka cimodzi cabe anasanduka munthu wa zinthu khumi. Anaitanila mabasi pasiteshoni, anakhala kondakitala, anaumba mabuloko, anagulitsa salaula ku Soweto, anakwela basi usiku wonse kupita ku Nakonde kukaoda nsapato, anaphunzila kuwochelela zitsulo, anagulitsa tokutaimu pamene mafoni anayamba kuculuka. Cina cinali kukhala miyezi itatu n'kufa, cina caka. Acibale akabwela kudzationa anali kupukusa mitu, amvekele mnyamata uyu sakhazikika, alibe cimene afuna, angogwila apa n'kugwila apo. Za ine anali kunena zina. Uyu ndiye wamutu, uyu adzafika patali, onani mmene amakhalila phee ndi mabuku.

Ndinali kukhala phee cifukwa panali mthunzi. Lendi inali kulipilidwa, yunifomu inali kugulidwa, ndalama za mayeso zinali kupezeka tsiku lomaliza, ndipo ine sindinali kufunsidwa kuti zicokela kuti. Maso amene anauka mwa iwo analimonso mwa ine, ndife a mimba imodzi. Sanauke cabe. Ndinakula mowongoka mpaka kuyunivesiti, ndipo pa cithunzi ca tsiku lolandila digili, akulu anga aima pambali panga atavala jekete yobweleka, manja awo ali ndi zipsela za moto wa kuwochelela. Ndikayang'ana za ku Tronçais ndimawaona pawili, ndi mtengo uja unapezeka wokha padzuwa mwadzidzidzi n'kuphuka mbali zonse, ndiponso ndi mtengo wotumikila uja.

Sindifuna kukoka fanizoli mpaka liduke. Munthu si mtengo, ndipo matenda aja sanali munthu wa nkhalango wokhala ndi pulani ndi penti. Sanasankhe zoonda n'kusiya zonenepa, anatenga aphunzitsi, manesi, madalaiva, anthu amene anali denga la ena. Koma pali cinthu cimodzi cimene ndikanacigwililila. Liwu lakuti osusuka linapangidwa ndi munthu wofuna thabwa. Mtengo wokha sufuna kukhala mgolo wa vinyo. Kwa iwo, maso aja ndi nkhokwe imene wasunga zaka zonsezi kuopa tsiku la tsoka, mphepo ikathyola mutu, mbozi zikatha masamba, cilala cikaumitsa nsonga. Bulugama amene tili nawo m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt kwawo ndi ku Australia, ndipo kumeneko moto waukulu wa 2019 ndi 2020 utadutsa, mathunthu akuda bii anatulutsa masamba obiliwila kucokela m'khungwa pa milungu yocepa.

Ndipo kuno kwathu, cimene Mfalansa amaona ngati cilema ndico cimasunga thengo. Miombo yathu, mitondo ndi misamba ndi inzake, ikadulidwa siidalila kwambili njele kuti ibwelele. Imaphukila pazitsa ndi pamizu. Emmanuel Chidumayo, katswili wathu amene anaphunzitsa ku University of Zambia, wathela zaka zambili akuyeza zimenezi, ndipo buku lake la 1997, Miombo Ecology and Management, ndi limodzi mwa amene ophunzila za nkhalango amadutsamo. Citemene ca kumpoto, cimene Audrey Richards anafotokoza mu 1939, cinazikidwa pa nzelu yomweyi: amuna amakwela mumtengo n'kusadza nthambi, thunthu n'kulisiya, akazi n'kuunjika nthambizo kuti zitenthedwe, mawele n'kubyalidwa paphulusa. Thunthu lija limadzutsa maso ake n'kuvalanso. Anthu amenewo anali kudziwa za maso ogona popanda makina a CT.

Koma nkhokwe imatha. Mphukila ya pacitsa ndi yanthete, ndipo moto wa mu October, udzu utauma gwa, umaipha. Minda yoyesela imene inakhazikitsidwa ku Ndola m'zaka za m'ma 1930 inaonetsa kuti kumene kumatenthedwa mocedwa caka ndi caka miombo imatha, pamene kumene kumatenthedwa moyambilila, udzu ukali ndi cinyezi, imapilila. Citsa cikaphuka n'kudulidwa, cikaphukanso n'kudulidwanso cisanabweze mphamvu kumizu, pamapeto pake cimangokhala cete. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo malaiti n'kumabwela maola ocepa patsiku, tonse tinabwelela ku mbaula, inenso pamodzi. Thumba lililonse la malasha limene linalowa mu Lusaka panjinga kapena pathilaki linasiya zitsa kwinakwake ku Chongwe, ku Mumbwa, ku Kapiri Mposhi, zikuyesa kuyambanso.

Kuyambila January 2022, pamene maphunzilo anakhala aulele mpaka Giledi 12, kilasi yanga ili ndi ana oposa 80. Pa misonkhano ya makolo alendo olemekezeka amakonda kunena mwambi wa Cibemba uja, imiti ikula empanga, ndipo timaomba m'manja. Ine ndikaumva ndimaganiza za kuthithikana, ndi za mayeso amene amapatulila mwadzidzidzi, kamodzi, popanda kubwelelanso pakapita zaka kudzaona kuti otsala ali bwanji. M'kilasimo muli ana amene amagona pa desiki cifukwa anali mu buuthu ya mobile money mpaka usiku, ena amafika ndi fungo la mafuta a vitumbuwa, wina amameta anthu, amakonza mafoni, ndiponso amaimba pa maukwati. Mu stafu lumu timati ndi obalalika. Munthu wa nkhalango akaona thunthu lavala masamba sakalipila thunthulo. Amakweza maso kuona kuti mutu watsala bwanji, n'kuyang'ana zitsa zimene zili pafupi kuti adziwe amene anacoka ndi liti. Ine ndinayamba kufunsa mafunso awili amenewa, ndipo kawilikawili yankho limakhala malilo, kapena atate amene anapita ku Solwezi kukafuna nchito n'kuleka kutuma foni.

Ku England kuli akalipentala amene amafunafuna dala oki wodzala ndi tumfundo tuja. Amamuchula kuti pippy oak, ndipo kagulu ka tumfundo tung'onotung'ono amati ndi phazi la mphaka, cifukwa pathabwa lopalidwa kamaonekadi ngati pamene cona waponda. Amapangila matebulo ndi makabati, ndipo thabwa lokongola la mtundu umenewu lingagulidwe pamtengo wokwela kuposa losalala wamba. Ndinawauza zimenezi akulu anga Sabata lina titakhala pa shopu yawo. Lelo ali ndi kashopu ka zitsulo, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo ali ndi anyamata atatu amene amawaphunzitsa. Ndinawafotokozela zonse, za Colbert, za migolo, za mphukila za mantha. Anamvetsela uku akupala geti, osaonetsa ngati amva kuti ndikunena za ndani.

"Iwe Ticha," anatelo pamapeto pake, "nanga ija mitengo ing'onoing'ono yochinga inzake, akaidula amapangila ciani?"

Ndinati kawilikawili ndi nkhuni, kapena imapita ku fakitale ya mapepala ndi mabodi.

Anaseka mpaka kutsokomola. Atatelo anaitana mnyamata wina kuti agwile mbali ina ya geti, cifukwa mwini wake anali kubwela kudzalitenga 16 koloko.